Nkhope Imene Tausi Anaphunzira

M'mawa uliwonse, asanalowe m'nyumba ya a Chavula ku Area 14, Zubeida ankaima pa sitepe ya khomo la kukhitchini. Ankavula mapatapata ake n'kuwaika pambali. Kenaka ankakweza manja onse awiri n'kudzipukuta kumaso pang'onopang'ono, kuyambira pamphumi kutsikira kuchibwano. Antchito a nyumba zoyandikana, podziwa kuti iye ndi Msilamu, ankati akupemphera. Sikunali kupemphera. Ankachotsa nkhope imene wadzuka nayo. Manja akamafika pachibwano, pakamwa pankakhala patamwetulira kale, nsidze zitakwera pang'ono, maso atagwa pansi. Akatero ndiye ankagogoda.

"Odi, dona."

Zonsezi ankachita mwana wake Tausi ali pomwepo, poyamba ali kumsana kamutu katasuzumira paphewa, pambuyo pake ataimirira yekha atagwira nsonga ya chitenje. Zubeida sanaganizepo kuti pali amene akuonerera. Mwana wakumsana anthu amamutenga ngati mtolo. Amatukwanizana iye ali pomwepo, amanong'onezana za eni ake iye ali pomwepo.

Kwawo kwa Zubeida kunali ku Songani, ku Zomba. Mwamuna wake anapita ku Joni iye ali woyembekezera, analemba makalata awiri, n'kusiyira pomwepo. M'chaka cha 1974, Tausi ali wa miyezi itatu, Zubeida anamva kuti banja lina lochokera ku Rumphi, lokhala ku Zomba komweko, likufuna wolera mwana. Bambo Orton Chavula ankagwira ntchito ya m'boma, ndipo akazi awo, mayi Agness, ankataipa mu ofesi ndipo tchuthi chawo cha uchembere chinali chitatha. Mwana wawo Emily anabadwa patapita masabata atatu Tausi atabadwa. Zubeida anayamba ntchito ali ndi ana awiri, wina kumsana wina m'manja.

Chaka chotsatira maofesi anayamba kusamukira ku Lilongwe. Tsiku limene dona anamuitana kudzamufunsa ngati apite nawo, anamuuza ataimirira, akupinda makatani.

"Mwana wakoyo abwere, sindikukaniza. Koma kumene tikupitako tikakhala pakati pa anthu. Tsiku limene adzandichititse manyazi pamaso pa anzanga, udzasankha wekha, ntchito kapena iyeyo."

Mlongo wake wa Zubeida, Sumaila, anali atatsogola kale ku Lilongwe. Anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ya nsalu ya a Mansukh ku Area 2, ndipo ankakhala ku Mchesi ndi mkazi wake ndi ana atatu. Pa mwambo wa kwawo, mwana wa mlongo wake anali wake kumuyang'anira, ndipo Sumaila sankaiwala zimenezo. Tsiku loyamba limene Zubeida anapita kukamuona, iye anaimitsa makina, n'kuloza Tausi ndi sizasi.

"Achemwali, mbumba yanga sikulira kuseri kwa nyumba ya munthu. Musiyeni kwathu. Pamene pagona atatu pagonanso wachinayi."

"Achimwene, mwamuna anapita, kwathu ndachokako. Ndikasiya uyu ndatsala ndi chiyani? Ketulo ya eni ake?"

Sumaila anapukusa mutu n'kupondanso makina. Mawu amenewa ankawabwereza nthawi iliyonse akaonana, ndipo Zubeida ankayankha chimodzimodzi.

Area 14 ya masiku amenewo inali fumbi lofiira ndi nyumba zatsopano zonunkha penti. Mitengo inali yobzala kumene, iliyonse m'kampanda kake ka nsungwi, yosafika n'komwe m'chiuno mwa munthu. Bwana ndi dona akakwera galimoto kupita ku Capital Hill, msewu wonse unkatsala ndi antchito, makanda ndi phokoso la makatapila chapatali. Zubeida analibe wocheza naye kupatula Naphiri, mayi wachikulire pang'ono amene ankagwira ntchito nyumba yoyandikana, kwa a Harawa. Mudzi wa Naphiri unali umodzi mwa imene inasamutsidwa kuti mzinda umangidwe, ndipo iye ankakonda kuloza pamene panali galaja ya abwana ake n'kumati, "Apa mpamene tinkalima mawungu ife."

Motero masiku ambiri Zubeida ankatha akuyang'ana ana. Sukulu sanapiteko, koma za makanda awiriwo ankadziwa zimene makolo a Emily sanazione n'kamodzi komwe. Ankakumbukira kuti ku Zomba onse awiri ankasekerera aliyense, ngakhale wogulitsa makala. Atafika miyezi isanu ndi itatu onse awiri anasintha m'sabata imodzi. Mlendo akawatambasulira manja, ankakwinya milomo n'kubisa nkhope pachifuwa pake. Agogo ake a Emily atabwera kuchokera ku Rumphi, mwanayo analira mpaka kubanika, ndipo dona anakwiyira Zubeida ngati kuti iye ndiye wamuphunzitsa.

Chimene chinamudabwitsa kwambiri anachiona tsiku lina katapila atadutsa pafupi ndi mpanda, nthaka ikunjenjemera. Ana anali atakhala pamkeka. Sanalire. Onse awiri anacheukira kwa iye, maso ali tong'o, akudikira. Iye anaseka, anawo n'kupitiriza kusewera. Mawa lake katapila atabweranso, anayesa dala kutong'ola maso ndi kugwira pakamwa. Ana onse anangoyamba kulira nthawi yomweyo. Anauza Naphiri pampanda.

"Anthu awa saopa chinthu ayi. Amayamba afunsa nkhope yanga."

"Ndiye muziisamala nkhopeyo," anatero Naphiri akuseka. "Yanga ndiye inatha kale ntchito, ngakhale galu saifunsa."

Atatha chaka anayamba kuloza. Khwangwala akatera pa waya woyanikira zovala, Tausi ankaloza n'kuyang'ana amake, n'kuyang'ananso khwangwala, osasiya mpaka amake nawonso atamuona. Sankafuna kuti amugwirire mbalameyo. Ankangofuna kuti aione awiri. Emily ankatafuna nthochi n'kutulutsa theka kuika m'kamwa mwa Tausi. Tsiku lina Emily anagwa pa sitepe n'kuyamba kulira. Tausi, amene mawu ake anali asanakwane khumi, anathamangira kukachipinda kawo ka kuseri n'kubwera akukoka kansanza kamene ankagona atakafumbata, n'kukapanikiza patsaya la mnzake. Onse awiri ankati "amama" kwa Zubeida. Kwa Emily zinatha dona atamva. Anayamba kunena "aZube", ndipo pofika zaka zitatu ankangoti "Zubeida", mawu atakwera kumapeto monga ankachitira amake.

Za kapu zinachitika ana ali ndi zaka ziwiri ndi theka. M'nyumbamo Zubeida anali ndi kapu yake yachitsulo imene inkapachikidwa pa msomali kunja kwa khitchini, ndipo Tausi ankamwera yomweyo. Loweruka lina Emily anamwa madzi m'kapu yake yofiira n'kupatsira Tausi, monga ankachitira masiku onse makolo akachoka. Dona anali ataima pakhomo. Sanakalipe. Anangotenga kapuyo ndi zala ziwiri, n'kuthiramo madzi otentha a m'ketulo, n'kuitsuka nthawi yaitali. Tausi anaima pamenepo akuyang'ana manja a dona, kenaka nkhope ya dona, kenaka nkhope ya amake. Amakewo anali akumwetulira.

Lolemba lake, nyumba ili yokhayokha, Emily anamupatsiranso kapu yofiira. Tausi anabisa manja kumbuyo. Palibe amene anamuuza kalikonse. Zubeida anamva kupepukidwa, ndipo kupepukidwako ndi kumene kunamuchititsa manyazi. Mwana wodziwa malo ake sakanachotsedwa.

Komabe m'zambiri Tausi anali adakali khanda. Pochita chibisalirano ankaima pakati pa bwalo n'kutseka maso ndi zikhatho, akukhulupirira kuti popeza iye sakuona, enanso sakumuona. Chinsinsi sichinkagona m'kamwa mwake. Zubeida atamupatsa kachidutswa ka sikono yotsala n'kumuuza kuti asanene, mwanayo anathamangira galimoto ikungolowa pageti n'kufuula, "Dona, sindinadye sikono!" Bwana anaseka mpaka kugwira chitseko cha galimoto. Zubeida anaona kuti mwanayu sakudziwa kuti zimene zili m'mutu mwake mwa anthu ena mulibe. Ankayesa kuti dziko lonse limadziwa zimene iye akudziwa.

Mwina n'chifukwa chake Zubeida sanachenjere. Akaweruka, dzuwa lisanalowe, ankatseka chitseko cha kachipinda kawo, ndipo nkhope ya m'nyumba ija inkagwa yokha. Ankatsonya kutsonya kwautali kumene wakhala akukusunga tsiku lonse. Kenaka, pofuna kuseketsa mwana, komanso kuti chifuwa chake chiphwe, ankagwira m'chiuno n'kuyenda chonyang'ama ngati wavala nsapato zagogoda, akulankhulira m'mphuno. Ankanena zonse zimene sakanatha kunena m'nyumba muja. Tausi ankagubuduka pamphasa ndi chiseko, n'kumati, "Bwerezaninso, amama!" Pa tsiku lonse, kanthawi kameneko ndi kokha kamene awiriwo ankaseka mokweza.

Pofika 1978 mitengo ija inali itayamba kupereka kamthunzi, ndipo ana anali ndi zaka zinayi. Ankachita masanje pansi pa mtengo wa kuseri, ndi zibekete ndi timitengo. Zubeida, ntchito itamuchuluka, ankangomva mawu awo chapatali osamvetsera.

Lamlungu lina masana dona anaitana amayi anzawo a kumpingo kudzamwa tiyi. Anabwera asanu, onse a kumpoto, atavala za kutchalitchi, akusakaniza Chitumbuka ndi Chingerezi. Pakati pawo panali mayi Lucy Harawa a nyumba yoyandikana ija, amene ankataipa ofesi imodzi ndi dona. Iwo anasiya Naphiri kunyumba ndi khanda lawo. Zubeida ankalowa n'kutuluka ndi thileyi, kugwada pa kalapeti, kuthira tiyi, kubwerera chafutambuyo.

Anali mayi Harawa amene anaitana ana. "Agness, unayamba wawaonerera awa akamasewera? Ine ndimawaonera pawindo langa, ndimaseka ndekha. Tabwerani kuno, tiana inu. Tionetseni zija mumachita pamtengo paja."

Emily sanachedwe. Anathamangira kuchipinda n'kubwera akukhwekhwereza nsapato zakale za amake. Anakhala pa kampando, mwendo pamwamba pa unzake. "Ine ndine amami. Tausi ndi Zubeida." Anakweza chibekete kukamwa n'kukwinya mphuno. "Zubeeeda! Tiyi wazizira uyu. Kodi ndikuuze kangati?"

Amayi aja anaombetsa manja m'ntchafu. Dona nawonso anaseka atagwira pakamwa. "Ine ndimatero? Mwana wabodza uyu!"

Tausi anali ataima pakhomo. Anavula timapatapata take n'kutiika pambali. Anakweza timanja n'kudzipukuta kumaso, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, ndipo timanjato titatsika panali kumwetulira kumene Zubeida anali asanakuonepo ndi maso ake, chifukwa kunali kwake. Mwanayo anayenda chowerama, anagwada, analandira chibekete ndi manja awiri.

"Pepani dona. Ndikonza pompano dona."

"Ndendende!" anafuula mayi wina. "Ngakhale khosi kulipendeketsa!"

Zubeida anali atangolowa ndi thileyi ya makapu. Anafuna kuitana mwanayo, koma anachedwa. Tausi anabwerera chafutambuyo mpaka kuseri kwa sofa, kumene m'masewero awo kunali kukachipinda ka kuseri. Kumeneko nkhope inagwa. Anatsonya, kutsonya kwa munthu wamkulu, kwautali. Anagwira m'chiuno, anayenda chonyang'ama, nalankhulira m'mphuno.

"Tiyi wazizira, tiyi wazizira. Manja alibe mayi ameneyu? Kutaipa basi, taa taa taa. Thewera la mwana wake sadziwa n'komwe kuti limanunkha bwanji."

Anadzipukutanso kumaso, nabwera akumwetulira, nagwada kupereka chibekete.

Mayi mmodzi yekha anayamba kuseka n'kukumeza kusekako. Emily anayang'ana uku ndi uku, osamvetsa chifukwa chake sakuomberedwa m'manja. Dona anaika kapu pa sosala mosamala kwambiri. Sanayang'ane Zubeida. Anawerama n'kulankhula ndi mwanayo mofatsa, mawu ozizira.

"Tausi, tandiuza. Amayi ako amachita chonchi kuchipinda kwanu?"

Zubeida anadziwa kuti zatha. Mwana wa sikono uja, amene sankatha kusunga kanthu, anena kuti inde, mwinanso awonjezera kuti amama amachita bwino kuposa iye. Mawu a ku Zomba aja, a dona akupinda makatani, anamveka m'makutu mwake. Ntchito kapena iyeyo. Ndipo atasankha mwana akanapita naye kuti, ndi chiyani?

Tausi anacheukira kwa amake, monga anachitira tsiku la katapila lija. Nkhope ya amake inali ikumwetulira, inalibe chomuuza. Maso a mwanayo sanakhalitse pamenepo. Anatsikira pa thileyi, pamene masupuni ankagundana ndi masosala, kachiphokoso kakang'ono kosalekeza. Kenaka anayang'ana dona. Anayang'ana amayi asanu aja mmodzimmodzi. Zubeida anaona ndi maso ake mwana wake akuwerenga chipinda chonsecho, akuyeza amene akudziwa ndi amene sakudziwa.

"Ayi, dona," anatero Tausi, khosi atalipendeketsa. "Amama satero. Ndinaona a Naphiri akuchita, kuseri kwa mpanda."

Maso onse anachoka pa dona n'kupita pa mayi Harawa. Iwonso ankataipa, iwonso anali ndi khanda la matewera. Nkhope yawo inasintha. Dona anakhala tsonga, nakonza diresi pamaondo.

"Aa, Lucy, pepa. Antchito a masiku ano. Ana amangotola zilizonse." Anacheuka pang'ono. "Zubeida, thira tiyi, anthu akudikira."

Kaya dona anakhulupirira kaya ayi, Zubeida sanadziwe, ndipo sanadzadziwenso. Chimene anaona n'chakuti manyazi anali atasamukira pa mpando wina, ndipo dona analibe chifukwa chowaitanira kuti abwerere. Mpata wolankhula unalipo. Akanatha kuika thileyi pansi n'kunena kuti ndine. Anagwada n'kuthira tiyi.

Dzuwa lisanalowe, Naphiri anadutsa pampanda atasenza kamtolo ka zovala, beseni lake lili m'khwapa. Anaima pamene ankaima masiku onse. Zubeida anali akuanula nsalu zopukutira mbale, ndipo anaona kuti kuthawa sikutheka.

"Achemwali, ndikupita. Akuti ndimawatsanzira kuseri kwa mpanda." Naphiri anaseka kuseka kopanda mano. "Ine ndi maondo angawa, kunyang'ama ndingakuthe?"

"A Naphiri, ine..."

"Musavutike. Ndikudziwa amene amatha kunyang'ama, ndimamumva pakhoma." Anayang'ana Tausi, amene anali atabisala theka kuseri kwa chitenje cha amake. "Kamwana kanzeru. Mwakaphunzitsa bwino. Ineyo wanga ndinamusiya kumudzi, ndi wopusa, sadziwa ngakhale kugwada bwino. Kaya ndikamudyetsa chiyani, koma ndi wopusa ndithu, ndikuthokoza Mulungu."

Anakonza mtolo pamutu n'kumapita, kutsata msewu wafumbi, kudutsa pagalaja paja pamene ankalima mawungu.

M'kachipinda muja Zubeida anatseka chitseko. Sanatsonye. Anakhala pamphasa n'kumuimika mwanayo pakati pa maondo ake.

"Unanenera chiyani bodza?"

"Munkaopa, amama."

"Ndinkaseka ine. Sunandione?"

"Masupuni ankalira."

"Nanga a Naphiri anakulakwira chiyani?"

Tausi anaganiza pang'ono, nsidze atazikwinya. "Kunalibe iwo. Sakanamva."

Ananena ngati akufotokoza chinthu chosavuta kwa munthu wochedwa kumva. Kenaka anasuzumira m'maso mwa amake, kufufuza ngati wachita bwino kapena walakwa, ndipo posapezamo yankho, anachita chimene ankadziwa kuti chimathandiza. Anapendeketsa khosi n'kumwetulira.

Zubeida anali atawerengera masiku onse a mwanayu, tsiku limene anayamba kusekerera, limene anayamba kuloza, limene anapereka kansanza kake kwa mnzake wolira. Lililonse ankalinyadira yekhayekha, popeza panalibe womuuza. Ili nalonso linali tsiku lotero. Mwana wake anali atadziwa tsopano kuti munthu aliyense ali ndi m'mutu mwake, kuti ungathe kuikamo chinthu chimene sichinachitike, kuti mlandu umakhala bwino pa amene palibe. Ana onse amafika pamenepo, ankadziwa. Emily nayenso anali atayamba kunamizira mphaka akaswa mbale. Koma Emily ankanama kuti asakwapulidwe. Tausi ananama atagwada, ndi nkhope yobwereka, kuti amake asachotsedwe ntchito. Zaka zinayi Zubeida anamenyera kuti mwanayu akhale pafupi naye, ndipo pafupipo mpamene anaphunzirira zimenezi. Ntchito inali yotetezeka tsopano. Tausi akanatha kukhala pamenepo zaka zina khumi osalakwitsanso kalikonse, ndipo chimenecho ndicho Zubeida sanathe kuchipirira.

M'mawa mwake, kusanayere bwino, anamanga timadiresi tiwiri, kansanza kaja ndi kapu yachitsulo m'kansalu. Anabereka Tausi kumsana ngakhale anali atakula, miyendo ikugunda m'ntchafu. Anayenda wapansi, kudutsa Area 3 agalu akuuwa kuseri kwa mageti, kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe pamodzi ndi anthu a njinga za nkhuni. Njira yonse mwanayo sanafunse kumene akupita.

Anafika ku Area 2 Sumaila akutulutsa makina ake kuwaika pakhonde, a Mansukh akukangana ndi loko wa chitseko chachiwiri. Sumaila anayang'ana kamtoloko, nayang'ana mlongo wake.

"Akuchotsani?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Munkanena zoona, achimwene. Mtengeni. Ndizibwera Lamlungu ndikapeza mpata."

Sumaila ataona maso a mlongo wake anangolandira kamtoloko. Zubeida anamasula chitenje n'kumutsitsa mwanayo pa sitepe ya khonde. Anagwada kuti afanane naye msinkhu.

"Uzikhala ndi amjomba ako awa tsopano. Kuli anzako atatu. Kumeneko kapu iliyonse ungathe kumwera."

Anadikira kulira. Ankakufuna kulirako, kofuula, kogwira chitenje mpaka kung'amba, kuti anthu a pamsewu acheuke. Milomo ya Tausi inanjenjemera. Mwanayo anayang'ana amake, nayang'ana amjomba ake, nayang'ana a Mansukh amene anali ataima ndi makiyi m'manja. Kenaka anavula timapatapata take n'kutiika pambali pa sitepe. Anakweza timanja n'kudzipukuta kumaso.

"Taonani!" anatero Sumaila, akugwedeza mutu mokondwa. "Kamwana aka kamadziwa kale kupemphera. Ndinkakunenerani zoipa chabe, achemwali, mwakalera."

Zubeida anagwira timikono tiwirito n'kutitsitsa mwamphamvu. "Usatero. Kuno ayi. Lira, Tausi. Kuno ungathe kulira."

Tausi anafufuza nkhope ya amake nthawi yaitali, kuti aone ngati mawuwo ndi enieni. Zubeida sanadziwe kuti nkhope yakeyo ikunena chiyani. Anayesa kuimasula, koma panali a Mansukh, panali mlongo wake, panali anthu odutsa, ndipo anamva masaya ake akukwera okha monga anazolowera.

"Pitani bwino, amama," anatero Tausi, khosi atalipendeketsa.

Pobwerera dzuwa linali litakwera, mabasi a antchito a boma akumudutsa n'kumuthira fumbi. Atafika ku Area 14 anapeza galimoto ikulira kale pabwalo, bwana akuyang'ana wotchi. Pawindo la kukhitchini panamveka mawu a dona akufunsa ngati m'nyumba muno anthu amwa tiyi lero, ndi a Emily akufunsa kuti Tausi ali kuti.

Zubeida anaima pa sitepe. Anavula mapatapata n'kuwaika pambali. Dzanja lake linapita lokha kumbuyo kukamasula zala za Tausi pa nsonga ya chitenje, ndipo linapeza nsalu yokha. Anakweza manja onse awiri, nadzipukuta kumaso kuyambira pamphumi kutsikira kuchibwano, nagogoda.

"Odi, dona."